Sukulu ikufuna tabuleti, ndalama imene ndili nayo ndi ya chiliza cha amayi. Ndithandizeni maganizo

Nabanda wa ku Dzivarasekwa

Moni nonse abale anga. A adimini pepani uthengawu watalika, koma nkhaniyi yandisowetsa tulo masiku anayi tsopano.

Ine ndimasoka mayunifolomu ndi makatani pakhonde panga kuno ku Harare, m'Zimbabwe. Ndikulera mnyamata amene mng'ono wanga anandisiyira pomwalira. Chaka chino ali Grade 7, ndiye mukudziwa kuti mayeso a ZIMSEC, a boma omalizira pulayimale, ali pakhomo. Tsiku lotsekera teremu anabwera ndi kalata. Akuti potsegulira mu Meyi mwana aliyense wa Grade 7 akhale ndi tabuleti yake, yogula kudzera kusukulu konko pa madola 110, ndipo mwezi uliwonse tizipereka madola 5 a pulogalamu yophunzirira imene ili mkatimo. Homuweki, manotsi ndi mayeso oyeserera akuti zonse zizidzera mmenemo. Data n'kudzigulira tokha.

Ndalama ndili nayo, sindinama. Koma ili ndi ntchito yake. Zaka ziwiri ndakhala ndikuponya chipereganyu kuti mu Ogasiti ndipite kwathu ku Dedza tikamange chiliza cha amayi. Maliro awo sindinakhalepo, uthenga unandipeza mochedwa. Alongo anga simenti anagula kale, akungodikira ine. Ndikatapapo 110, ya basi yodzera pa Nyamapanda ndi ku Tete siikwana, osanena za chakudya cha anthu odzagwira ntchito kumanda.

Chimene chikundiopsa n'chakuti mwanayu anatsalirapo kale kamodzi. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020, aphunzitsi ankatumiza ntchito pa WhatsApp, pamene pakhomo panali foni imodzi, yomweyo imene makasitomala amandiimbira. Ndikapita nayo kutawuni kukagula nsalu, iye tsiku limenelo palibe chophunzira. Kuwerenga anadzagwira mochedwa kwambiri ndipo mpaka lero Chingerezi amachiopa. Sindikufuna adzandiyang'ane atakula n'kumati mayi aja anandimana.

Komanso kuno magetsi amatha kuthima m'bandakucha n'kuyaka anthu titagona. Chinthucho tizitchaja pati?

Inu amene ana anu anagwiritsapo mapulogalamuwa, kodi amaphunzitsadi, kapena mwana amangokhala chodinadina? Nanga ndikapanda kugula, angamubweze kusukulu?

Aphiri a ku Mufakose

Achemwali, gulirani mwana. Amayi anuwo akanafunsidwa akanasankha mdzukulu wawo. Chiliza chidzamangidwa chaka chamawa, Grade 7 sabwerera.

Nachisale (mphunzitsi)

Mayi Nabanda, musathamangire kutulutsa ndalama. Ndaphunzitsa kupulayimale muno mu Harare zaka zambiri, ndiye ndiyankha ngati munthu amene amaona anawa tsiku ndi tsiku.

Za kumubweza chotsani mantha. Lamulo la maphunziro limene linakonzedwanso mu 2020 limaletsa kuchotsa mwana pasukulu chifukwa cholephera kulipira fizi. Ngati fizi yeniyeniyo siingamuchotse, tabuleti ndiye ingathe bwanji? Funsani ngati nkhaniyi inadutsa kumsonkhano wa makolo ndi komiti ya SDC, yoona za chitukuko cha sukulu. Chopereka chatsopano chimayenera kukambidwa ndi makolo, osati kungofika pa kalata. Muli ndi ufulu wopempha kuona zimene zinalembedwa pamsonkhanowo, ndipo kupempha mwaulemu si mwano.

Tsono za kuphunzira. Pulogalamu yabwino ili ndi chinthu chimodzi chimene ine sindingakwanitse. M'kalasi mwanga ana amadutsa 45. Mwana akalakwa samu Lolemba, kope lake mwina ndilichonga Lachitatu, iye ataiwala kale mmene anaganizira. Pulogalamu imamuuza pompopompo kuti walakwa, n'kumupatsa funso lina lofanana nalo mpaka agwire. Pa ma fraction, ma decimal ndi matebulo, zimenezi zimathandiza zedi, ndaona ana akusintha.

Koma mwati mwana wanu vuto lake ndi kuwerenga Chingerezi. Pamenepo ndiye mtima wanga wakayika. Mafunso a m'mapulogalamu ambiri ndi osankha A, B, C, D. Mwana amene sakumva ndime amaphunzira kulota: adina B, yakana, adina C, yavomera, nyenyezi yatuluka, iye wasangalala, koma ndimeyo sanaiwerenge. Inu mukaona malikisi pa sikirini muziti zikuyenda. Tsiku la mayeso amupatsa pepala ndi pensulo, ndipo kompozishoni alemba ndi dzanja lake. Mwana wotere chimene chimamudzutsa ndi kuwerenga mokweza pamaso pa munthu, mphindi 20 zokha tsiku lililonse, kenako n'kufotokoza m'Chichewa kapena m'Chishona zimene wawerengazo. Mukhoza kumamumvetsera uku mukupalasa makina anu. Ngakhale mawu ena musawadziwe, mumva pamene wakakamira.

Dziwaninso kuti pali za ulere. Unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale, mothandizana ndi UNICEF ndi Microsoft, unakhazikitsa Learning Passport mu 2021. Muli maphunziro otsata silabasi ya konkuno, ndipo imalowa pa foni ya intaneti. Mapepala a mayeso akale a Grade 7 nawo amapezeka, mutha kusindikiza ochepa ochepa. Safunsa anadya phula, pitani kaye mukaonane ndi ahedi.

Make Tadala, Glen View

Aphunzitsi mwalankhula zoona, koma ine ndinene za mbali inayo. Lamulo lilipo, inde, mwana sabwezedwa. Nanga manyazi? Wanga chaka chatha anali mmodzi wa ana ochepa opanda chida m'kalasi. Anzake akamachita ntchito iye ankangosuzumira paphewa la mnzake, mpaka anayamba kunamizira mutu m'mawa kuti asapite. Nditamugulira anasintha, masamu anakhoza bwino. Mwana wamasiye amamva msanga kuti ndi wosiyana ndi anzake. Muganizirenso pamenepo.

Nachisale (mphunzitsi)

Make Tadala, zimenezo sindikutsutsa, ndazionapo ndipo zimawawa. N'chifukwa chake ndikuti makolo afunse pamodzi kuti ana opanda chida achita nawo bwanji. Sukulu ikasowa yankho pa funso limeneli ndiye kuti dongosololo silinapse. Pali ana amene fizi amawalipirira ndi BEAM, thandizo la boma la ana ovutika, amenewo 110 aitenga kuti?

Mbewe wokonza mafoni

Amayi, ine ndimakhala ndi zinthu zimenezi pa tebulo tsiku lonse mutawunimu. Matabuleti a ana amene amandibweretsera ambiri vuto ndi ziwiri: sikirini yosweka ndi potchajira pothyoka. Ndipo ena opanda dzina lodziwika sikirini yake siipezeka n'komwe, likasweka basi latha. Ndiye musanalipire funsani dzina la tabuletiyo, waranti yake ndi ya miyezi ingati, ndipo ikawonongeka akonza ndani. Funsaninso malo osungira zinthu. Ikakhala ya 16GB idzadza msanga ndi mavidiyo. RAM, imene imathandiza chida kuthamanga, ikakhala 1GB muzingoona ikuzizira mwana ali pakati pa ntchito.

Funso lalikulu ndi ili: pulogalamuyo imakana kulowa pa foni ina iliyonse ya Android? Nthawi zambiri chimene mwana amafunika ndi dzina lolowera ndi pasiwedi basi, chida chilichonse chimatheka. Ngati zili choncho, foni yogwiritsidwapo kale ntchito koma yabwinobwino itha kukutulukirani pamtengo wotsika kuposa pamenepo.

Mufunsenso ngati imagwira popanda intaneti. Ngati vidiyo iliyonse mpaka ionedwe pa netiweki, madola 5 aja ndi chiyambi chabe, bandulo ndiyo idzakudyereni ndalama. Zilipo zina zopangidwira malo ovuta netiweki. Kolibri ndi yaulere, mumatsitsa maphunziro kamodzi pamene pali Wi-Fi, kenako imagwira yokha. Kiwix imasunga Wikipedia mu foni. Khan Academy nayo imalola kutsitsa mavidiyo a masamu, kungoti sanatsate silabasi ya ZIMSEC ndipo Chingerezi chake n'cha ku America, mwana wanuyo mwina chimuthamangira. Za magetsi, kasola kakang'ono kokhala ndi potchajira foni kapena pawabanki zikwanira. Ndipo chilichonse mungagule, muikemo Family Link ya Google kuti muzitha kutseka magemu ndi kuika malire a nthawi. Mukandipeza ndikuikirani osalipira.

Gama, Lilongwe

Ine ndikuwerenga ndili kumudzi kuno. Chondidabwitsa n'chakuti mtolo wonse auika pa kholo. Kuno boma linayamba pulogalamu ya BEFIT mu 2023. Ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zina za boma amaphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti, pulogalamu yake ndi ya bungwe la onebillion ndipo imalankhula Chichewa. Matabuletiwo ndi a sukulu, amatchajidwa ndi sola pasukulu pomwepo, ana amasinthana, ndipo safuna intaneti kuti mwana aphunzire. Mwana wa mlamu wanga anayamba kutchula zilembo bwinobwino ndi zimenezi. Sindikuti kuno zonse zili bwino ayi, ana m'kalasi ndi ochuluka koopsa. Koma nzeru yosinthana ija mukhoza kukaitula kwa a komiti. Makolo 40 atasonkha pang'onopang'ono, matabuleti 10 okhala pasukulu sangagulike?

Agogo Nankhoma, Mbare

Mwana wanga Nabanda, ine za matabuleti sindizidziwa, wandilembera uthengawu ndi mdzukulu wanga. Ndayankha chifukwa cha chiliza. Ine ndinabwera kuno ndili mtsikana, bambo anga akugwira ntchito m'mafamu, ndipo manda a makolo anga ndinawaona kamodzi kokha. Ndikudziwa chimene chikukukoka mtima. Usalole munthu akuuze kuti ulendowo ndi wachabe. Ukapanda kupita chaka chino, chaka chamawa kudzabwera china, mapeto ake anthu kwanu adzayamba kukutchula mtchona.

Koma ndikufunse. Alongo akowo wawauza? Mnyamatayo ndi mwana wa mlongo wawo, iwo ndiwo malume ake, mbumba ndi yawo. Bwanji ukusenza wekha ngati kuti mwanayo alibe kwawo? Uwaimbire. Uwauze kuti mphwawo akufunika chakuti, ndalama yafupika. Mwina anena kuti bwera ndi ya basi yokha, chakudya cha kumanda tiona kuno, chimanga tinakolola. Ndipo mwanayo upite naye, Ogasiti sukulu imakhala yotseka. Akaone pamene anagona agogo ake, amalume ake amudziwe nkhope.

Aphiri a ku Mufakose

Agogo mwanena mawu akulu. Ine ndinafulumira kuyankha, pepani achemwali.

Nabanda wa ku Dzivarasekwa

Abale anga zikomo, ndawerenga zonse, zina kawiri. Agogo Nankhoma mwandiliza. Zoonadi alongo anga sindinawauze, ndinkaopa kuti aziti ndikufuna kuzemba ulendo.

Lero m'mawa ndinapita kusukulu, ndinapeza achiwiri kwa ahedi ali mu ofesi ngakhale ndi holide. Ndinalemba mafunso a aMbewe ndi a aphunzitsi papepala kuti ndisaiwale. Anandilandira bwino. Akuti pulogalamuyo imalowa pa foni iliyonse ya Android, tabuleti anaiika m'kalatamo chifukwa kampaniyo inabwera ndi zonse pamodzi ndipo sikirini yaikulu ndi yabwino kwa maso a mwana. Manotsi akuti amatsitsika n'kumawerengedwa popanda intaneti, koma mavidiyo ndi mayeso oyeserera mpaka data. Za waranti anati akafunsa. Nditafunsa za ana amene sangakwanitse, anakhala chete pang'ono, kenako anati makolo ena abweranso ndi funso lomwelo ndipo aitanitsa msonkhano sabata yoyamba yotsegulira. Nzeru ya aGama yosinthana ija ndikaitula kumeneko.

Madzulo ano ndinamupatsa mnyamatayu buku lake la Chingerezi kuti andiwerengere ndikusoka, monga munanenera aphunzitsi. Ndime imodzi inamutengera nthawi yaitali, ndipo nditamufunsa kuti nkhaniyo ikuti chiyani, anangoti ndi ya mnyamata ndi galu, zina zonse sanazigwire. Mtima unandiwawa, chifukwa ku lipoti lake zimenezi sizioneka bwino. Tagwirizana kuti tiziwerenga tsiku lililonse dzuwa lisanalowe, poti magetsi sitingawadalire.

Alongo anga ndawatumizira uthenga, sanayankhe, kwathuko netiweki mpaka akwere pachulu. Pakadali pano maganizo anga ali pa foni yogwiritsidwapo kale ntchito ndi kasola, tabuleti ndidikire msonkhano. AMbewe, foni yoti ingakwanitse ntchito imeneyi ikhale ya RAM yochuluka bwanji, ndipo batire yake ndingaiyese bwanji ndisanapereke ndalama? Loweruka ndibwera kutawuni kudzagula ulusi. Aphunzitsi, inunso ndiuzeni, timabuku tosavuta ta Chingerezi toti ayambire ndingatipeze kuti motchipa, kapena ku Harare City Library amabwereketsa ana a msinkhu wake?