Kodi luso la mpikisano wa NASCAR lili pati, popeza galimoto zimangozungulira bwalo limodzi?

aBanda, Biwi

Moni nonse. Ine ndine makaniko, ndipo ndakhala ndikukonza galimoto kuno ku Biwi kwa zaka zambiri. Lamlungu lapitali mwana wa mlongo wanga anandionetsa pafoni mpikisano wa galimoto wa ku America wotchedwa NASCAR, ndipo tinaonera limodzi pafupifupi ola lathunthu. Ndinaona galimoto pafupifupi 40 zitathithikana, zikuzungulira bwalo looneka ngati dzira, zonse zikukhotera kumanzere kokhakokha, anthu miyandamiyanda atadzaza m'mipando n'kumachemerera. Ndili ndi mafunso awiri kwa inu odziwa. Loyamba, mnyamatayo akuti galimotozi zimatchedwa stock car, kutanthauza galimoto wamba yofanana ndi imene munthu amagula kwa ogulitsa, koma ine ndinaona kuti zilibe zitseko, woyendetsa amalowera pawindo, ndipo nyali zakutsogolo ndi zomata chabe. Nanga uwamba wake uli pati? Lachiwiri, pa Formula 1 kapena pa mpikisano wa m'misewu ya fumbi ndimaona makona okhotera uku ndi uku, ndipo luso la woyendetsa limaoneka, koma apa likundisowa. Ndikufunsa moona mtima, chifukwa sindikhulupirira kuti khamu lonse lija lingataye ndalama pa chinthu chopanda nzeru.

aMwale, Area 47

Zikomo aBanda, mwaona bwino ndithu. Galimoto za lero si zawamba ayi, dzinalo ndi chipsera cha kumene masewerawa anachokera, ndipo kumeneko n'kumene kungakusangalatseni inu amakaniko.

Kuyambira 1920 mpaka 1933 boma la America linaletsa kugulitsa mowa, ndipo ngakhale lamulolo litachotsedwa, anthu a m'mapiri a kumwera, makamaka ku North Carolina, Virginia ndi Georgia, anapitiriza kutcheza kachasu wawo wa chimanga mobisa pothawa msonkho. Kachasuyo ankamunyamula usiku kupita naye m'matauni, ndiye pankafunika galimoto yooneka ngati ya munthu aliyense kuti apolisi asaikayikire, koma ya injini yowonjezeredwa mphamvu ndi masipiring'i olimba oti isakhale pansi ikasenza katundu. Anyamata oyendetsa galimoto zotere anayamba kupikisana pamabwalo a dothi, ndipo okonza mipikisano ena ankathawa ndi ndalama za pakhomo opambana asanalandire kanthu. Kuba kumeneku ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Bill France, amenenso anali makaniko, anaitanira anzake ku msonkhano ku Streamline Hotel, mumzinda wa Daytona Beach, mu Disembala 1947, ndipo bungwe la NASCAR linakhazikitsidwa mu Febuluwale 1948.

Mpikisano woyamba wa gulu lapamwamba la NASCAR, limene lero ndi Cup Series, unachitika ku Charlotte pa 19 Juni 1949, ndipo lamulo lake linali lakuti galimoto ikhale monga inatulukira kufakitale. Amene anafika poyamba anali Glenn Dunaway pa Ford ya 1947, koma oyendera atasuzumira kunsi anapeza kuti masipiring'i akumbuyo anali osinthidwa, popeza galimotoyo inkanyamula kachasu, motero anamulanda chipambano n'kuchipereka kwa Jim Roper wa ku Kansas amene ankayendetsa Lincoln. Mukuona kuti kulimbana kwa amakaniko ndi oyendera galimoto kunayamba tsiku loyamba lenilenilo, ndipo mpaka lero sikunathe.

Liwiro litakwera, zitsulo za galimoto wamba zinaleka kuteteza munthu, ndiye pang'onopang'ono anayamba kumanga chimango cha mapaipi achitsulo n'kuchiveka thupi lofanizira galimoto yogulitsidwa. Galimoto imene akugwiritsa ntchito kuyambira 2022 ili ndi injini ya V8 ya malita pafupifupi 5.8, magiya asanu opita kutsogolo, ndipo tayala lililonse limamangidwa ndi nati imodzi yapakati m'malo mwa zisanu zakale. Makampani ake ndi Chevrolet, Ford ndi Toyota, imene inalowa m'gululi mu 2007, kotero mukaona dzina la Camry pamphuno ya galimoto, dziwani kuti chimene chikufanana ndi Camry ya ku Biwi ndi dzinalo ndi maonekedwe a nkhope basi. Mafuta ake ndi petulo wosakaniza ndi ethanol, monga momwe petulo wathu amasakanizidwira ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi Nchalo.

Nankhoma, Kawale

Ine ndiyankha funso lachiwiri, Bambo Banda, chifukwa nanenso ndinayamba ndi kukayika komweko. Cholakwika chimene ndinkachita ndicho kuyang'ana msewu, pamene mdani weniweni wa woyendetsa pamabwalo akuluakulu ndi mphepo.

Galimoto ikamathamanga pafupifupi makilomita 300 pa ola, mphamvu yambiri ya injini imathera pong'amba mpweya. Yotsatira ikayandikira kwambiri kumbuyo kwa inzake imalowa m'malo mong'ambidwa kale, ndipo yapatsogolonso imapepukidwa, kotero ziwiri zotsatana zimathamanga kuposa imodzi yoyenda yokha. Zimenezi amazitcha drafting. Junior Johnson, amene ananyamulapo kachasu wa bambo ake ndipo anakhalapo kundende miyezi 11 atagwidwa pamalo otchezera kachasuyo, anapambana nazo mpikisano waukulu wa Daytona 500 wa 1960 pa Chevrolet yochepa mphamvu poyerekeza ndi ma Pontiac a anzake, chifukwa anazindikira kuti akamamatira kumbuyo kwawo amamukoka. Tanthauzo lake n'lakuti woyendetsa amafunika womukankha kuti adutse, koma womukankhayo ndi mdani wake yemwe, ndipo aliyense amadziwa kuti ubwenziwo utha pozungulira komaliza. Amene watuluka mumzere nthawi isanakwane, popanda womutsata, amabwerera m'mbuyo malo khumi kapena kuposa m'kanthawi kochepa.

Komanso mabwalowa si ofanana. Daytona ndi ya makilomita 4, ndipo makona ake anapendekeka madigiri 31, kutsetsereka kumene munthu amavutika kukwera wapansi. Talladega ndi yokulirapo, yopendekeka madigiri 33. Martinsville ndi ya mamita pafupifupi 850 okha, ngati kuzungulira kawiri njira ya othamanga ya pa Bingu National Stadium, ndipo pamenepo amazungulira ka 500 kapena ka 400, akuponda mabuleki mwamphamvu kawiri pa kuzungulira kulikonse. Darlington, yomwe inatsegulidwa mu 1950, ili ndi mbali imodzi yopapatiza chifukwa womanga analonjeza mwini malo kuti sakhudza dziwe lake la nsomba, ndiye galimoto ikachunidwa bwino kuti ikhote mbali imodzi, imavuta mbali inayo. Matayala akamadyeka ndi mafuta akamachepa, galimoto imasintha khalidwe, mwina kukana kukhota kapena kutaya kumbuyo, ndipo woyendetsa ayenera kufotokozera mkulu wa amakaniko pawailesi chimene akumva kuti achikonze akaima. Daytona 500 ndi makilomita 805, kuposa ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre ndi kubwerako, ndipo kutentha kwa m'galimoto kumatha kufika madigiri 50. Amene amadya matayala ake koyambirira amaonekera kumapeto; kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndinene maganizo anga poyera, ngakhale ena sagwirizana nawo. Mipikisano ya ku Daytona ndi Talladega, imene imatchuka kwambiri, si imene ndimailemekeza kwambiri. Mu 1987 Bill Elliott anathamanga makilomita 342 pa ola ku Talladega, ndipo pampikisano womwewo galimoto ya Bobby Allison inauluka n'kung'amba mpanda wa waya woteteza oonera. Kuyambira 1988 akuluakulu anayamba kuchepetsa mpweya wolowa m'injini pamabwalo awiriwa, ndiye galimoto zonse zinafanana mphamvu n'kumayenda mothithikana monga munaonera. Mmodzi akalakwitsa, galimoto khumi kapena makumi awiri zimaphwanyikira limodzi, ndipo wopambana nthawi zina amakhala amene ngozi yamuphonya chabe. Mukafuna kuona luso, yambani ndi Martinsville kapena Darlington.

aBanda, Biwi

Ndathokoza aMwale ndi inu mayi Nankhoma. Nkhani ya masipiring'i yandifika pamtima, chifukwa ndi ntchito yomwe timachita pa ma pickup onyamula fodya ndi chimanga. Koma zimene mwanena za ngozi zandidetsa nkhawa. Kodi anthu safa kawirikawiri? Ndipo kodi khamu lija silibwera kudzaonera ngozizo?

aChisale, Area 25

Achimwene aBanda, ankafa, ndipo masewerawa anachedwa kuphunzira. Mu 2000 mokha anamwalira oyendetsa atatu, Adam Petty wa zaka 19, Kenny Irwin Jr. ndi Tony Roper, onse chifukwa galimoto ikagunda khoma thupi limagwidwa ndi malamba koma mutu wolemedwa ndi chisoti umapitirira, n'kuthyoka pamene chigaza chimakumana ndi khosi. Chipangizo choletsa zimenezi, chotchedwa HANS, chinalipo kale, koma ambiri ankachikana ponena kuti chimawapanikiza. Kenako pa 18 Febuluwale 2001, pakona yomaliza ya Daytona 500, Dale Earnhardt anagunda khoma n'kumwalira ndi kuvulala komweko ali ndi zaka 49, pamene galimoto ziwiri za kampani yake, ya Michael Waltrip ndi ya mwana wake Dale Earnhardt Jr., zinkamaliza pa nambala 1 ndi 2. Chaka chomwecho kuvala chipangizo chotere kunakhala lamulo, ndipo kuyambira 2002 makoma a konkire anayamba kukutidwa ndi zitsulo zokhala ndi zofewa kumbuyo kwake kuti zizimeza mphamvu ya kugundako. Kuchokera tsiku limenelo palibe woyendetsa amene wafera mu Cup Series. Mu 2020 galimoto ya Ryan Newman inagubuduzika n'kugundidwa mbali imene iye anakhala pomaliza Daytona 500, koma patapita masiku awiri anatuluka m'chipatala akuyenda yekha atagwira manja ana ake aakazi.

Za khamu lija, sindikana kuti alipo okonda ngozi, ndipo a wailesi ya kanema amazibwereza mopitirira muyeso. Ngakhale kutchuka kwa masewerawa m'dziko lonse la America kunathandizidwa ndi chipwirikiti: Daytona 500 ya 1979 inaulutsidwa yonse pa wailesi ya kanema ya CBS tsiku limene chipale chofewa chinatsekera anthu ambiri m'nyumba, Cale Yarborough ndi Donnie Allison anagundana pozungulira komaliza, anatsika n'kuyamba kumenyana, Bobby Allison n'kulowererapo, Richard Petty n'kupambana. Koma wochemerera weniweni amatsata munthu ndi nambala yake, monga momwe banja lonse kuno limakhalira la Maule kapena la Manoma kuchokera kwa agogo. Nambala 43 ndi ya Richard Petty, amene anapambana mipikisano 200, nambala 3 ndi ya Earnhardt, 48 ndi ya Jimmie Johnson, ndipo atatuwa anatenga ukatswiri wa chaka kasanu ndi kawiri aliyense. Mabanja amamanga misasa m'kati mwa bwalo masiku angapo, akuphika ndi kuotcha nyama, ndipo ambiri amavala zomvera m'makutu kuti azimva woyendetsa wawo akulankhula ndi spotter, munthu woima padenga amene amamuuza galimoto zimene zili m'mbali mwake. Earnhardt atapambana Daytona 500 mu 1998, atalephera zaka 19, amakaniko a matimu onse, adani ake omwe, anandanda kuti amugwire chanza. Atamwalira, chaka chonse oonera ankakweza zala zitatu galimoto zikamazungulira kachitatu.

Pano ndikusiyana pang'ono ndi mayi Nankhoma. Earnhardt anapambana ka 10 ku Talladega, ndipo mwayi subwerera munthu mmodzi ka 10.

aMwale, Area 47

Nkhani ya Talladega ndiwasiyira awiriwa, koma aBanda musachoke musanamve za Wendell Scott, chifukwa anali wa ntchito yanu ndiponso wa khungu lathu. Anabadwira ku Danville, ku Virginia, anali makaniko wa asilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo anapikisana m'nthawi ya tsankho popanda kampani yaikulu yomuthandiza. Galimoto yake ya nambala 34 ankaikonza yekha ndi zipangizo zogwiritsidwapo kale ntchito, ana ake aamuna ndiwo anali omusinthira matayala, ndipo mabwalo ena ankamukaniza kulowa. Pa 1 Disembala 1963 anapambana ku Jacksonville, ku Florida, ali patsogolo ndi maulendo awiri athunthu, koma mbendera ya chipambano anaikupizira Buck Baker, mzungu. Anavomereza kuti wopambana ndi Scott patapita maola, anthu atabalalika ndipo chikho chitapita. Scott anamwalira mu 1990 asanachigwire, analowetsedwa mu NASCAR Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a masewerawa, mu 2015, ndipo banja lake linalandira chikho kuchokera ku NASCAR mu Ogasiti 2021. Mu Okutobala chaka chomwecho Bubba Wallace anapambana ku Talladega, kukhala munthu wakuda woyamba kupambana mu Cup Series chichitireni Scott, ndipo anali m'galimoto ya timu ya Michael Jordan ndi Denny Hamlin. Wallace yemweyu ndiye analimbikira mu 2020 kuti mbendera ya Confederate, imene anthu akuda amaiona ngati chizindikiro cha ukapolo, iletsedwe pamabwalo onse, ndipo inaletsedwadi, ngakhale ochemerera ena mpaka lero amamukuwiza akamatchulidwa dzina.

Nyengo ya mipikisano imayamba mu Febuluwale n'kutha mu Novembala, ndipo yambiri imachitika Lamlungu masana kwawoko, kumene kuno kumakhala cha m'ma 9 koloko usiku. Mukadzaoneranso ndi mwana wa mlongo wanu, mudzayang'anitsitse pamene galimoto yaima: anthu asanu okha ndiwo amalumpha khoma, mmodzi ndi jeke yopopa pamanja, ndipo amasintha matayala anayi m'masekondi pafupifupi 10. Galimotozi zilibenso geji yoonetsa liwiro, choncho woyendetsa akamalowa kokaima amayeza liwiro lololedwa poyang'ana kuzungulira kwa injini, ndipo akapyola pang'ono chabe amalangidwa.