Masa harina ndi tsabola wa ku Mexico ndingazipeze kuti ku Lilongwe?

Moni nonse, amayi ndi abambo.

Ndathedwa nzeru. Akazi anga kwawo ndi ku Puebla, ku Mexico, ndipo ndi oyembekezera, miyezi 5. Chakudya chilichonse chikuwakana, mtima uli pa tortilla za chimanga (zopyapyala zonga chapati) ndi mole poblano (msuzi wa tsabola wa kwawoko) basi.

Tinapita ku lesitilanti ina m'tauni muno, anatipatsa tortilla za tirigu zothira tchizi wambirimbiri. Anangoluma kamodzi n'kukankha mbale, misozi ili lengelenge. Kunyumba ndayesa ufa woyera, ndayesa mgaiwa, koma sizikugwirana, zikungosweka pachiwaya. Iwo akuti kwawo chimanga amayamba achiwiritsa ndi laimu wodyedwa, n'kuchinyika usiku wonse, kenako n'kuchipera chili chonyowa. Laimu wa kuhadiweya ndikuopa kumuika m'chakudya cha munthu wodwala pakati. Kambuzi nayenso walephera: mole imafuna tsabola wouma wa ancho, mulato ndi pasilla, wonunkhira koma wosawawa kwambiri.

Tsono ndani akudziwa kogula masa harina (ufa wa chimanga chowiritsa ndi laimu chija), ngakhale ya mtundu wa Maseca, ndi tsabolayu? Kapena alipo amene akuchokera ku Johannesburg mwezi uno woti anditengereko? Ndalama ya katundu ndi yonyamulira ndilipira ndithu. Chonde ndithandizeni.