Pufe yosungiramo katundu: ndigule ya m'shopu kapena ndikhometse kwa kalipentala?

Nangozo, Matundo

Zikomo abale nonse. Ndabwera ndi nkhani ya m'nyumba, mundigawireko nzeru.

Kwathu ndi ku Angonia, mbali ya Domwe, koma ndimakhala mumzinda wa Tete, ku Matundo, m'nyumba ya lendi ya chipinda chimodzi ndi pabalaza. Tilimo anayi: ine, abambo a kunyumba ndi ana awiri, wamng'ono wa zaka zitatu. Malo ndi ochepa kwambiri. Mabulangete awiri aakulu amene tinabwera nawo kuchokera kumudzi timafunda mu Juni ndi Julaye basi, miyezi ina yonseyi amangokhala pamwamba pa masutikesi, fumbi lili mbuu. Palinso neti ya alendo, nsalu za pabedi ndi zitenje zanga za kutchalitchi. Komanso mipando ndi yoperewera. Amayi akabwera amakhala pamphasa mosavuta, koma alamu anga aakulu akatsika chapa, minibasi ija, kuchokera ku Ulongwe, atopa ndi ulendo, sindingawalozere chigubu cha madzi kuti akhalepo. Zimandipweteka mumtima.

Ndiye ndaganiza za pufe ija yotsegula pamwamba, yoti munthu n'kukhalapo, mkatimo n'kusungamo zofunda. Ndaona mitundu iwiri. M'mashopu a m'tawuni muli zozungulira, zokutidwa ndi napa yonyezimira, pulasitiki ija yooneka ngati chikopa, zokongola ndithu, koma nditanyamula imodzi inali yopepuka moti ndinakayika ngati ingapirire munthu wamkulu. Pamsewu wa kuno kwathu palinso anyamata okhoma masofa amene akuti angandipangire ya muyeso umene ndikufuna, mtengo wake wokwererapo pang'ono.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kutentha kwa kuno. Amene munakhalako ku Tete mu Okutobala ndi Novembala mukudziwa, kumapitirira madigiri 40, malata ali ng'aning'ani, usiku khoma likadali lotentha. Sofa ya napa ya anzanga oyandikana nawo inasupuka yonse, tizidutswa takuda timamatirira kumiyendo ukakhalapo. Kodi napa yonse imatero? Nanga mphemvu sizingasandutse bokosilo nyumba yawo? Ndalama ndasunga movutikira, ndikufuna chinthu choti ndikasamuka nyumba ino ndipite nacho chikadali cholimba.

Mmisiri wa matabwa, Ulongwe

Mayi Nangozo, ntchito yanga ndi yomweyi, ndiye ndilankhula motalikitsa pang'ono, mundikhululukire.

Musayambe ndi nsalu ya kunja. Tsegulani chivindikiro, muyang'ane m'mphepete mwa thabwa lamkati. Mukaona mizeremizere, timatabwa topyapyala tosanjikizana, imeneyo ndi pulayiwudi, kumeneko mukati contraplacado akumvani msanga. Mukaona thabwa losalala la mtundu umodzi wa bulawuni, lopanda mizere, ndi MDF, utuchi wosalala wopanikizidwa ndi guluu. MDF si yoipa pa shelefu ya pakhoma, koma pansi pa simenti pamene mumakolopa m'mawa uliwonse siikhalitsa. Ikangomwa madzi m'munsimo imafufuma ngati buledi woviika mu tiyi, misomali n'kusiya kugwira, ndipo palibe mmisiri angaibweze. Zambiri zopepuka zimene mwaonazo zimakhala za MDF yopyapyala, zina ndi katoni yolimba chabe.

Ine ndikamapanga, chimango ndimakhoma ndi paini wouma, m'mbali pulayiwudi ya mamilimita 12, chivindikiro ya mamilimita 15 chifukwa ndi chimene chimasenza munthu. M'ngodya zinayi zamkati muzikhala timatabwa toimirira, tomangidwa ndi guluu ndi masikuluwu, osati misomali yokha. Mlombwa, umene ku Tete amati umbila, ndi wabwino ndipo chiswe sichiudya wamba, koma ndi wodula ndiponso wolemera. Kuukwirira pansi pa siponji ndi nsalu n'kuwononga mtengo wokongola. Ngati mukuufuna, uikeni kumiyendo kokha.

Miyendo ikhalepo ndithu, ya masentimita 5 kapena kuposa, kuti tsache ndi chokolopera zizilowa pansi. Pansi pa bokosi abowole timabowo tinayi kapena tisanu, atseke ndi waya wa udzudzu uja wa m'mawindo. Mpweya uzilowa, tizilombo ayi.

Siponji nayo ili ndi manambala ake. Mukamva D28, ndiye kuti kiyubiki mita imodzi ya siponjiyo imalemera makilogalamu 28. Yokhalira ikhale D28 kapena D33, yochindikala masentimita 5 mpaka 8. Yofewa ija yotsika mtengo ndi yoyenera potsamira msana, mukaikhalira imaphwa msanga n'kuyamba kumva thabwa. Ngati wogulitsa sakudziwa nambala, kanikizani ndi nkhonya pakati. Nkhonya ikafika pathabwa mosavuta, kapena dzenje likachedwa kubwerera, isiyeni.

Tsono nkhani ya muyeso, apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa. Msinkhu wabwino wokhalira ndi masentimita 40 mpaka 45 kuchokera pansi, kuphatikiza miyendo ndi siponji. Mukachotsa zimenezo, mkati mumatsala masentimita pafupifupi 25 mpaka 32. Pufe yooneka yaikulu kunja imakhala ndi mimba yaing'ono. Bulangete lalikulu la ubweya lija limodzi lokha likhoza kudzaza pufe ya 40 kwa 40. Ndiye musanapite kulikonse, pindani zonse zimene mukufuna kusunga, musanjike pamphasa, muyeze muluwo ndi tepi: m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Manambala amenewo ndiwo mupite nawo. Yozungulira ndi yokongola, koma zofunda zimapindidwa mwa ngodya zinayi, malo ambiri amangotayika, ndipo siikhala bwino pakhoma.

Bambo a mapasa, Moatize

Achimwene a ku Ulongwe, za matabwa ndilibe mawu, mwanena zoona. Koma ndisanamve wina akunyoza napa, ndiyambe ndine kuiikira kumbuyo.

Kuno ku Moatize fumbi lake si lofiira la kumudzi lija, ndi lakuda la malasha. Ukapukuta tebulo m'mawa, madzulo ukhoza kulembapo dzina ndi chala. Mpando wa nsalu umamwa fumbi limenelo mpaka mkati mwa siponji, ndipo mwana wa chifuwa amavutika nalo. Napa umangoipukuta ndi kansalu konyowa, yayera. Ku Matundo nako magalimoto aakulu opita ku Zobwe ndi ku Malawi amadutsa usana ndi usiku, fumbi simungalithawe, achemwali.

Napa imasupuka, inde, koma si yonse imathamanga mofanana. Pali yopyapyala yonyezimira, ukaikoka imatanuka, kumbuyo kwake kuli kansalu kofewa koyera. Imeneyo ndiyo imayamba kung'aluka m'makwinya. Pali ina yochindikala ngati imene amakutira mipando ya chapa, kumbuyo kwake kuli ulusi wolukana. Ya kwathu ndi ya mtundu umenewu, mapasa amalumphirapo tsiku ndi tsiku koma ikadali bwino. Chimene chimaipha msanga ndi dzuwa la pawindo, thukuta losapukuta, ndi mankhwala oyeretsera zovala aja. Madzi ndi sopo pang'ono zakwana. Nthawi yotentha mayi a kunyumba amayalapo chitenje kuti isamamatire kumiyendo.

Za mphemvu, musaikemo chakudya ngakhale paketi ya masikono yosatsegula, ndipo ana asamadyere pamenepo. Ndipo pufe yogwiritsidwa kale ntchito musagule, ngakhale itatsika mtengo bwanji. Nsikidzi zimabisala m'misoko ndi m'masitepulo a pansi, zikalowa m'nyumba ya lendi mudzakangana ndi eni nyumba.

Anamaseko, Tsangano

Mwana wanga Nangozo, ine ndiyankhula monga gogo wolera zidzukulu.

Mwati muli ndi mwana wa zaka zitatu. Mwana wa msinkhu umenewo akaona bokosi lotseguka amalowamo, makamaka akamasewera chibisaliro ndi mkulu wake. Choncho pasakhale loko kapena kachingwe kalikonse kotsekera kunja, ndipo chivindikiro chikhale choti mwana akakankha ndi mutu chitseguke. Timabowo ta mpweya tanenedwa ndi bambo a ku Ulongwe aja si ta zofunda zokha ayi. Ndi kutentha kwa ku Tete, mwana sangakhalitse m'bokosi lotsekeka. Izi ndikunena ndi mtima wonse, musazitenge mopepuka.

Chachiwiri, timibulu toyera tonunkha tija, ta naftalina, timene anthu amaika m'zovala. Kwa mwana timaoneka ngati maswiti, ndipo ndi poizoni. M'kabati yaitali mwina, koma m'pufe imene ili pansi, ayi. Kumeneko mitengo ya nimu ndi yambiri. Thyolani masamba, muumitse pamthunzi mpaka aume gwaa, muwamange m'kansalu, muike pangodya.

Kuno kumapiri vuto lathu ndi chinyezi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, chofunda ukachitsekera m'bokosi chisanaumitsitse chimachita chuku, fungo lake silichoka msanga. Kwanuko ndi kouma, komabe mabulangete muyambe mwachapa, aume bwinobwino padzuwa, aphole, kenako mulonge. Musawatsekere m'pulasitiki ali ofunda. Pakapita mwezi tulutsani zonse, mukung'unthe, mupukute mkatimo.

Zikalata monga B.I., chiphaso cha unzika chija, ndi makadi a kuchipatala a ana musasungemo. Pabalaza pamalowa aliyense.

Nangozo, Matundo

Zikomo kwambiri nonse. Agogo, mawu anu a mwana aja andilowa, mtsikana wangayu amalowa ngakhale m'beseni lochapira, ndiye loko sadzakhalapo.

Ndayeza monga munanenera, bambo a ku Ulongwe. Mabulangete awiri ndi nsalu za pabedi, nditasanjika, zakwana masentimita 55 m'litali, 45 m'lifupi, msinkhu 40. Neti ndi zitenje ndi mulu wina waung'ono. Zoona, m'yozungulira ya m'shopu ija sizikanalowa ngakhale theka. Khoma la pansi pa windo lili ndi malo a mita imodzi ndi masentimita 20, koma bambo a ku Moatize ati dzuwa la pawindo ndi loipa, ndipo windo limeneli limayang'ana kumadzulo. Khoma lina ndi la kuseri kwa chitseko, la mita imodzi yokha.

Pa nsalu mtima wanga ukadali ku chitenje, chifukwa napa ndi thukuta la kuno sindigwirizana nazo, koma za fumbi ndazimva. Kodi n'zotheka kuphatikiza ziwirizi? Nanga chivindikiro chikhale cha mahinjesi kapena chongonyamula? Ndipo anyamatawa akufuna ndalama yonse ndisanaone kanthu, kodi ndi mmene zimakhalira?

Mmisiri wa matabwa, Ulongwe

Mayi, ikani kuseri kwa chitseko, kutali ndi dzuwa la madzulo. Ndi manambala anuwo, ine ndikanapanga yaitali: kunja masentimita 95 m'litali, 50 m'lifupi, msinkhu 45. Yambani mwatsegula chitseko mpaka kumapeto muone ngati sichigunda. Mkati mukhale thabwa logawa zipinda ziwiri, china cha masentimita 60 cha mabulangete, china chotsalacho cha neti, zitenje ndi nsalu za pabedi. Mulu wanu wa 40 sulowa wonse m'chipinda chimodzi, ndiye nsalu za pabedi zisamukire kwinako, mabulangete muwapinde mophwatalala. Thabwa logawalo lili ndi ntchito inanso, limachirikiza chivindikiro kuti chisapindike akakhalapo akuluakulu awiri.

Chivindikiro, poti pali mwana, ndimakonda chongonyamula, ndipo zikhale ziwiri, chipinda chilichonse chake, kuti zipepuke. Kunsi kwake amakhomako timatabwa tolowa mkati mwa bokosi kuti chisatererekere munthu akakhala m'mphepete. Cha mahinjesi chikagwa chimaphwanya zala, pokhapokha ataikapo kachitsulo kochigwira chikatseguka, ndipo mahinjesi otsika mtengo amazuka msanga papulayiwudi.

Kuphatikiza n'kotheka, ndipo ndi kwanzeru. M'mbali akute ndi napa yochindikala ija, yosavuta kupukuta. Pokhalira pakutidwe ndi nsalu wamba yolimba, kenako telala akusokereni zovekera ziwiri za chitenje zokhala ndi lasitiki m'mphepete, china chikamachapidwa china chili pampando. Chitenjecho muyambe mwachichapa asanadule, chifukwa chimafupika. Mkati mwa bokosi apalemo ndi sandipepa n'kupakamo vanishi, apo ayi tizisonga ta thabwa tidzang'amba neti yanu. Vanishiyo aume masiku angapo chivindikiro chili chotsegula musanalongemo zofunda.

Za ndalama, yonse ayi. Kuno timalandira theka logulira zipangizo, theka lina ntchito ikatha. Lembani papepala miyeso, mtundu wa thabwa ndi nambala ya siponji, aliyense asunge lake, ndipo mukatumiza pa M-Pesa kapena e-Mola uthengawo musafufute. Muwauze kuti akamaliza chimango akuitaneni asanakute. Pamenepo ndi pamene mudzaone ngati paini ndi wouma: wauwisi amalemera, amazizira m'manja, ndipo ndi dzuwa la Tete amang'aluka n'kusiya mipata m'ngodya. Mukafika khalanipo m'mphepete, mugwedezeke uku ndi uku, ndipo mutenge bulangete limodzi mukaliyese pompo.