Maofesi atsopano a khonsolo: afunsidwe ndani?

Mlembi: Moni nonse akwathu. A khonsolo atumiza chithunzi cha maofesi atsopano, akufuna maganizo athu mwezi uno usanathe. Ndi nyumba yosanja, kutsogolo galasi lokhalokha, holo ya misonkhano ili m'mwamba. Fomu yoyankhira ili pa intaneti.

aPhiri (Johannesburg): Eee, koma yokongola! Nafenso tizioneka ngati tauni. Ine ndayankha kale.

NaBanda: Achimwene, galasi limenelo mu Okutobala magetsi atathima adzakhalamo ndani? Adzapsa ngati mbatata. Koma changa chachikulu ndi holo. Mayi anga amayenda ndi ndodo. Chaka chatha ndinawaperekeza ku ofesi ina kukasainitsa mapepala a malo, tinachita kuwanyamula pa masitepe anthu akuonerera. Holo itsike pansi, pakhomo pakhale polowera njinga ya olumala.

aPhiri (Johannesburg): Si angoikamo lifiti, alongo?

NaBanda: Yoyendera magetsi ake ati?

aMbewe (Lilongwe): Ana inu, ndiloleni. Ndagwira ntchito m'makhonsolo mpaka kupuma. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linabwera kuti chitukuko chiziyambira pansi: mudzi ukambirane ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), nkhani ikwere ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC) komwe kuli a T/A, kenako ifike ku khonsolo. M'tauni ndi makomiti a m'mawodi. Tsono fomu ya pa intanetiyi ayankhe ndani? Ndife tomwe, a ku Joni, a ku Leeds, a ku Area 25, amene kwathu timapitako pa maliro ndi pa Khirisimasi basi. Mayi wogulitsa tomato amene amadulitsa chiphaso tsiku ndi tsiku, wa kabaza, wa golosale wodzalipira laisensi, amenewo ndiwo adzaime pa mzere pamenepo. Bandulo ya foni ayitenga kuti?

aPhiri (Johannesburg): Bambo, ndiye ife tisalankhule? Pa mjigo uja ndalama tinasonkha ndife.

aMbewe (Lilongwe): Lankhulani, mwana wanga, koma musakhale oyamba. Mutu umodzi susenza denga.

NaMwale: Ine ndikulemba ndili pamsika pano. Ndaonetsa anzanga chithunzichi. Funso lawo loyamba: zimbudzi za anthu wamba zili pati? Lachiwiri: podikirira pali mthunzi? Akuti khonde lalitali ndi mabenchi, osati kuima padzuwa kuyambira mamawa. Wina wafunsanso za ngalande, poti malowo ndi otsika, ndipo namondwe Freddy wa mu 2023 sanaiwalike. Za galasi palibe wazitchula.

aChisale: Zomangira nazo tifunse. Malamulo a 2018 salola njerwa zootcha pa nyumba zaboma, ndiye akhala mabuloko a simenti. Bwanji anyamata akwathu apatsidwe mwayi woumba m'malo mokatenga ku Blantyre?

Mlembi: Ndalemba zonse. Ndiye tipemphe a khonsolo apachike chithunzichi pamsika ndi pa depoti, mawu ake m'Chichewa, ndipo pakhale msonkhano tsiku lamsika?

NaMwale: Madzulo koma. M'mawa palibe angasiye benchi lake.

aPhiri (Johannesburg): Chabwino, zosindikiza chithunzi chachikulu ndilipira ine, nditumiza pa Mpamba. Koma galasi pang'ono likhalepo, ngakhale pakhomo pokha.

NaBanda: Mudzabwere mudzalipukute nokha fumbi likayamba.

Mlembi: Bambo Mbewe, kalata yopita kwa a khansala mulemba ndinu? Ikufunika Lachinayi.