Apilo yatha, khoti lalamula woluza alipire ndalama za mlandu: zikuchedwa pati?

Nachisale:
Akuluakulu odziwa malamulo, ndithandizeni. Munthu akapambana ku Supreme Court, khoti n'kulamula kuti woluza amubwezere ndalama zoyendetsera mlandu, bwanji pamapita miyezi osalandira kanthu? Kodi masherifu sangapite sabata yomweyo?

Mbewe_LL:
Mayi, masherifu sangapite chifukwa chigamulocho nthawi zambiri sichitchula kuti ndalamazo ndi zingati. Chimangonena wolipira. Kuti chiwerengero chidziwike, loya wa wopambana amalemba bilu: maola amene anagwira, masiku amene anakaonekera kukhoti, ndalama zoperekera zikalata, zoyendera, zosindikizira mabuku a apilo. Mbali ziwirizo zikalephera kugwirizana, biluyo imapita kwa Registrar, mkulu woyang'anira kaundula wa khoti, kuti aiunike mzere ndi mzere, woluza ali pomwepo kutsutsa.

Apa ndi pamene nthawi imathera. Malamulo a High Court a 2017, pa gawo lotchedwa Order 31, amapereka miyezi itatu yoperekera bilu. Loya akagona, ayenera kuyamba wapempha kuti amuwonjezere nthawi. Kawirikawiri mabilu amakhalanso awiri, ya ku High Court ndi ya ku Supreme, ndipo iliyonse imadikira tsiku lake. Malisiti akasowa, Registrar amadula, pakuti pa kawerengedwe kozolowereka chokayikitsa chilichonse chimakomera wolipira. Registrar akamaliza, wosakhutira amaloledwa kupempha kuti chiwerengerocho chiunikidwenso.

Gama_Zomba:
Ndiwonjezere pa zimene anena a Mbewe. Onetsetsani kaye ngati panali lamulo loimitsa chigamulo. Kuchita apilo pakokha sikuimitsa kanthu. Woluza amachita kupempha, ndipo khoti limatha kukana, monga linakanira a MEC ndi a Mutharika mu February 2020 pa mlandu wa chisankho. Ngati linavomera koma n'kulamula kuti ndalama zina zisungidwe kukhoti, pemphani zimenezo msanga apilo ikangotha. Ndiyo ndalama yosavuta kuipeza.

Chiwerengero chikatuluka, lemberani woluza kalata yomupatsa masiku oti alipire. Akapanda kutero, Order 28 ya malamulo omwe aja ili ndi njira zingapo. Masherifu amalanda katundu n'kugulitsa pa okushoni, koma katundu amapita motchipa, ndipo pakatulukira wina wonena kuti galimoto yolandidwayo ndi yake, mwayambanso mlandu wina. Ngati mukudziwa banki imene amasungako ndalama, ndi bwino kupempha khoti lilamule bankiyo kugwira ndalamazo. Lamulo loyamba limatuluka mwini wake asanadziwe, ndiye sapeza mpata wozisamutsa. Nyumba kapena malo mungathenso kuikitsa chikole, ngakhale ndalama yake imachedwa.

Mlangizi_Mzuzu:
Zonsezi zimayenda ngati woluza ndi munthu kapena kampani. Akakhala boma, masherifu sangakalande katundu wa unduna. Zikalata zimapita kwa Attorney General, mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, kenako mumadikira kuti Treasury, nthambi yosunga chuma cha boma, itulutse ndalama, ndipo pamzerepo pamakhala anthu ambiri. Chothandiza n'kupereka zonse zili zokwanira ulendo umodzi: chigamulo chodindidwa, chikalata cha Registrar chosonyeza chiwerengero, ndi kalata yofunsa malipiro, n'kumakumbutsa polemba.

Chinanso, mayi: ndalama zimene Registrar angavomereze nthawi zambiri zimachepa poyerekeza ndi zimene munalipira loya wanu. Mufunseni lero ngati bilu inaperekedwa, tsiku liti, ndipo akupatseni kope yodindidwa ndi khoti.