Zotsatira: zilonda za kumbuyo kwa diso zija zinali TB

Zikomo nonse amene munayankha funso langa lija la wodwala yemwe zilonda zake za kumbuyo kwa diso zinkaoneka ngati serpiginous choroiditis (kutupa kwa m'kati mwa diso komwe kumafalikira mokhotakhota), koma zikungofalikirabe ali pa prednisolone, mankhwala a steroid ochepetsa kutupa.

Ndinatsata malangizo anu oti tisawonjezere steroid tisanafufuze TB. Chindoko ndi HIV sizinapezeke. X-ray ya pachifuwa sinaonetse kanthu, koma Mantoux (kuyeza TB pobaya pakhungu) inatupa mamilimita 18 patatha maola 72, ndipo CT (sikani ya pachifuwa) inaonetsa mwanabele pakati pa mapapo. Titaliunikanso disolo tinaona zimene tinaziphonya poyamba: zilonda zinali zingapo zomwazikana, osati zoyambira pa optic disc (pomwe mtsempha wa diso umalumikizana ndi diso), ndipo mu vitreous (madzi onga jele a m'kati mwa diso) munali maselo ambiri. Serpiginous yeniyeni kawirikawiri sitero.

Tinayamba mankhwala anayi a TB. Sabata yachitatu zilonda zinakula, zomwe zimadetsa nkhawa, koma apa musafulumire kusiya mankhwala: nthawi zambiri kumakhala kutupa kobwera tizilombo tikamafa. Tinakweza prednisolone, poti rifampicin, amodzi mwa mankhwala a TB aja, imaichepetsa mphamvu. Pofika miyezi iwiri m'mphepete mwa zilonda munali mutapola.

Chonde, muziyeza mmene wodwala akuonera mitundu, monga kufiira ndi kubiriwira, asanayambe ethambutol (amodzinso mwa mankhwala a TB aja), kenako mwezi uliwonse, chifukwa imatha kuwononga mtsempha wa diso mwakachetechete.