Dzanja likamadziyendera lokha pojambula, bwanji zikungotuluka matope?

Wophunzira: Akuluakulu, ndithandizeni. Amati ojambula zithunzi za abstract, zija zosafanizira chinthu chenicheni, amatunga zinthu m'maganizo obisika, aja munthu sadziwa n'komwe kuti ali nawo. Zimenezi zimatheka bwanji bulashi ili m'manja? Nanga n'chifukwa chiyani ukangolisiya dzanja kuti liziyenda, mitundu imasakanikirana n'kusanduka matope?

Makala: Njirayi amaitcha automatism, kutanthauza kujambula dzanja likuyenda lokha mutu usakulamula. Wolemba wa ku France André Breton anailongosola mu 1924 m'chikalata choyambitsa gulu la alembi ndi ojambula la Surrealism, atatengera maganizo a Sigmund Freud, katswiri wa za maganizo obisika, ndipo wojambula André Masson anaigwiritsa ntchito kwambiri ndi cholembera ndi inki.

Musayambe ndi penti. Pezani mapepala 20 otchipa, makala ndi wotchi. Pepala lililonse mphindi imodzi basi, dzanja lisanyamuke, osafufuta. Chofunika ndi liwiro, chifukwa mukachedwa mutu umayamba kulamula: apa pakhale nkhope, apa mtengo. Mapepala oyambirira amangoonetsa chizolowezi cha dzanja, timizere tozungulira tomwetomweto. Mukaona zimenezo gwirani makala ndi dzanja lomwe simulembera, kapena amangirireni kundodo yotalika theka la mita. Mukamaliza sungani mapepalawo, mudzawaone mawa lake maso atapuma.

Bulashi Youma: Matopewo si vuto la maganizo, achimwene, ndi la penti. Wofiira ndi wobiriwira, kapena wabuluu ndi waolenji, zikakumana zonse zili zonyowa zimaphana n'kusiya mtundu wotuwa. Sankhani mitundu itatu yokha musanayambe, muisungunulire m'makapu osiyana, kuti mukayamba musaimenso kuganiza. Thirani mtundu umodzi, uume, kenako wina. Acrylic, penti ija yosungunula ndi madzi, akakhala wopyapyala amauma pasanathe theka la ola.

Samalani ndi madzi. Gawo limodzi la madzi pa magawo atatu a penti ndi lokwanira. Mukachulukitsa, guluu wa mupentimo amafooka ndipo ikauma imachoka ngati fumbi mukapukuta ndi chala. Mukafuna kuti iziyenderera kwambiri, onjezerani acrylic medium, guluu wa pentiyo wopanda mtundu, m'malo mwa madzi. Mukathira yochindikala pamalo amodzi, pamwamba pamauma pansi pakadali ponyowa, ndiye imang'ambika.

Anthu amamutchula Jackson Pollock, wojambula wa ku America, ngati ankangomwaza. Kuyambira 1947 ankayala chinsalu pansi n'kumadontheza penti ya enamel, yopakira nyumba ija, ndi ndodo kapena bulashi youma gwa, akuzungulira mbali zonse zinayi. Koma iye mwini ankanena kuti amatha kulamulira kayendedwe ka pentiyo. Mukafuna kuyesa enamel, pakani kaye gesso, penti yoyera yoyambira pachinsalu, kawiri, apo ayi mafuta ake amalowa m'chinsalu n'kuchiwononga pakapita nthawi. Ndipo gwirirani panja kapena mawindo ali otsegula, fungo lake si labwino m'chifuwa.

Mchenga: Ndikugwirizana nawo, koma liwiro si khomo lokhalo. Ena pepala loyera limawaumitsa dzanja. Wojambula Max Ernst mu 1925 anayala pepala pamatabwa akale a pansi m'chipinda n'kukhutiza pensulo, mizere ya thabwa n'kutulukira. Imeneyo ndi frottage. Mphasa, chiguduli kapena khungwa la mtengo zimachita chimodzimodzi. Masson naye ankathira guluu pachinsalu mwachisawawa, kuwaza mchenga, n'kukutumula wotsalawo. Guluu woyera wa matabwa amagwira bwino, bola mchenga ukhale wosefa ndiponso wouma, wonyowa umabumbana n'kugwa.

Maganizo obisika amagwira ntchito apa: mukayang'anitsitsa mabangawo, mumayamba kuona zinthu zomwe mnzanu sakuziona. Tembenuzani pepala mbali zonse zinayi, muime mamita awiri, muone pomwe diso likubwererabwerera. Pamenepo limbitsani, kwinako phimbani ndi penti yoyera. Cholakwika chachikulu n'kumalizitsa chomwe mwaonacho. Banga likafanana ndi mbalame, musaliike mlomo ndi diso ayi, ingolimbitsani mzere umodzi wa phiko.